Sitima ya Mumgodi Sinyamuka Ndisanaone Maso

Mayamiko ndi Tadala, ana anga, mayi anu atopa nazo nkhani zangazi, ndiye andigulira kope kuti ndizisokosera pepala m'malo mwa iwo. Mwakhala mukufunsana kuseri chimene chinachititsa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri kutaya ntchito yabwino ndi manja ake. Ndikuyankhani pano. Iwe Tadala, ndikudziwa kuti Chichewa umamva koma umayankha m'Chingerezi. Uwerenge pang'onopang'ono, sindikumasulira.

Za ku Limbe ndidutsapo mothamanga. Ndinali venda wa masipeya a galimoto, ndipo sukulu yanga yeniyeni inali pa benchi imeneyo. Munthu akamatchula mtengo sindinkamvera pakamwa pake, ndinkamuyang'ana m'maso. Ndi luso lokhalo limene ndinakwera nalo ndege, ndipo pa eyapoti sanandilipiritse.

Chaka choyamba

Ndinafika pa paki ya masewera ija ndili ndi zaka makumi asanu, msana utatheratu ndi makatoni a mu weyahausi ina ku Wakefield. Tinali titasamukira ku Rotherham chifukwa mayi anu anali atapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo kuchoka kunyumba kukafika pa paki linali ola lathunthu pa basi. Ndinkaganiza kuti ndikukasesa. Koma a ku ofesi ananditumiza kwa a Derek, mkulu woyang'anira chinthu chimene azungu amati rolakosita. Kwa amene adzawerenge izi kumudzi, ndi kasitima kopanda denga, konyamula anthu makumi awiri ndi anayi, kamene tcheni imakakoka kukwera pamwamba kuposa bulugamu wamtali, n'kukasiya kuti kagwe kokha, kakhote, kalowe mumphanga, kabwerere pomwe kanachokera. Anthu amalipira kuti aopsezedwe. Ine amene ndinakwerapo minibasi yopanda mabuleki potsetsereka kuchoka ku Ndirande, ndinaona kuti azungu akugula chinthu chimene kwathu timapatsidwa ulere.

Yathuyo anaikongoletsa ngati mgodi wa malasha. Panali nyali zolendewera, mafosholo pakhoma, zidole za anthu akuda bii ndi fumbi zitaima mumphanga. A Derek eni ake anagwirapo mumgodi weniweni mpaka pamene unatsekedwa. Anali wamfupi, zala ziwiri kulibe, chifuwa chikulira ngati wailesi yosowa siteshoni.

"Unakwerapo?" anandifunsa.

"Kambirimbiri, bwana," ndinayankha ndi nkhope imene ndinkagulitsira masipeya.

Anandiyang'ana osaphethira. "Bodza. Khala kutsogolo."

Ana anga, musadzauze a kutchalitchi. Pamene sitima inafika pamwamba n'kuweramira pansi, ndinaulula machimo anga onse mokuwa, kuphatikizapo kabuleta yakufa imene ndinagulitsa kwa abusa ena a ku Chirimba. Nditatsika ndinati ndili bwino. A Derek anandipatsa tiyi n'kunena kuti, "Tsopano wadziwa nkhope ya munthu amene akuti ali bwino pomwe sali bwino. Ndi yako ija."

Tsiku lomwelo anandiphunzitsa ntchito. Anthu akakhala, chitsulo chimatsika n'kuwapana pantchafu. Umayenda mzere ndi mzere, kukoka chitsulo chilichonse ndi dzanja, kenako kukweza chala chachikulu kwa wogwira kiyi kuti ayambitse. Zimenezo zinali m'buku. Koma panali china chimene m'buku munalibe.

"Kumgodi kunali munthu woima pakhomo la chikepe," anatero a Derek. "Asanatitsitse pansi ankayang'ana aliyense kumaso. Woledzera, wodwala, wolira mumtima, ankamutulutsa, ngakhale atukwane. Iwenso, Fredi mnyamata wanga, chitsulo chimakuuza kuti munthu sagwa. Koma ngati ayenera kupita kapena ayi, amakuuza ndi maso."

Ananditchula mnyamata ndili ndi imvi. Sindinadandaule. Ndinali nditapeza mzungu woyamba amene ankachita malonda ngati ine.

Chaka chachinayi mpaka chakhumi

M'chaka chachinayi anandipatsa kiyi. Mumvetse bwino za kiyi ameneyu, chifukwa nkhani yonse yagona pa iye. Paki imatsekedwa nyengo yozizira, ndipo antchito ambiri amauzidwa kuti tidzaonana maluwa akaphuka. Koma wogwira kiyi amagwira chaka chonse, kupenta, kupaka girisi, kuyesa sitima yopanda anthu. Kiyi ameneyo ndiye anatichotsa m'chipinda chimodzi chija chimene Mayamiko ankagona kuseri kwa katani.

Zosowa zinalipo zambiri. Za mabuleki ndi mawilo eni paki sankaumira, ndiwachitire umboni. Koma za zokongoletsa ankati tidzionere. Nyali zinkasweka, zidole zinkathothoka mitu, chimodzi chinakhala zaka ziwiri chitavala mutu wa chidole cha m'sitolo ya zovala, milomo yofiira, pikisi ili m'manja. Ndiye a Derek ankandituma Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ku misika ija azungu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa magalimoto awo. Kumeneko ndinali mfumu. Azungu amachita manyazi kunenerera, amangolipira n'kupepesa. Ine ndinkatembenuza nyali, kuigogoda, kupukusa mutu ngati ndaona maliro. Koma tsiku lina ku Wakefield ndinakumana ndi katswiri mnzanga. Mayi wina wokalamba anali ndi nyali imodzi yokha patebulo. Nditangoti yachita dzimbiri, anagwira pamtima n'kunena kuti inali ya malemu amuna ake, misozi mbwee. Ndinalipira mtengo wonse, n'kupepesanso. Nditayenda pang'ono ndinacheuka, n'kuona akutulutsa ina m'katoni momwe munali zina zodzaza. Amuna ake analipo katoni yathunthu. Ndinabwerera kukawagwira chanza.

M'zaka zimenezi ndinadziwana ndi gulu limene tinkalitcha a mpingo. Ndi anthu okonda masitima amenewa ngati mmene ena amakondera mpira. Musaganize kuti ndi ana. Ndi aphunzitsi, madalaivala a basi, anamwino, anthu a mabanja awo. Ankabwera tsiku lotsegulira chaka chilichonse atavala majuzi ofanana, n'kumakangana pamzere ngati mpando wakumbuyo kumanzere umakutukula m'mwamba kuposa wakumanja, ngati penti ya chaka chino yafiira kuposa yakale, ngati mphanga inali yamdima kwambiri asanaikemo nyali yachitatu. Akapita kunyumba ankakapitiriza mkanganowo pa intaneti. Mkulu wa mpingowo anali a Colin, bambo woonda wa ku Sheffield amene anapuma ntchito yogawa makalata. Ankayenda ndi kabuku momwe ankalemba ulendo uliwonse umene wakwera. Sitima ikamadutsa ankatsinzina n'kunena kuti, "Mwasintha wilo la ngolo yachitatu." Ndipo zinkakhala zoona.

"Fredi, mpando wakumbuyo," ankatero akafika pageti.

"Wagulidwa kale, a Colin."

"Ndi ndani?"

"Ndi munthu amene andibweretsere tiyi wa shuga atatu."

"Ndiwe mbava."

"Ndine wamalonda. Mbava ndi amene anakugulitsani juzi imeneyo."

Ziphuphu zonse zimene ndinadya m'dziko lino ndi tiyi wa a Colin. Ndalemba kuti mudziwe.

Pa zaka zonsezo ndinatsitsa anthu ambiri. Anyamata oledzera, ana amene bambo awo ankawakakamiza kuti akhale amuna, mayi wina amene ankabisa mimba m'jekete la mwamuna wake. Ena ankathokoza, ambiri ankatukwana. Madandaulo akafika ku ofesi, a Derek ankawawerenga mokweza, kukonza sipelo ndi cholembera chofiira, n'kuwaika pansi pa ketulo.

Chaka chakhumi ndi chiwiri, nyengo yozizira

Chifuwa chinawagonjetsa a Derek ndipo anapuma ntchito chaka chomwe paki inagulidwa ndi eni atsopano. Anatibweretsera manijala dzina lake Craig, wa zaka za m'ma makumi atatu, waulemu, wometa bwino, wotchi yowerengera masekondi ili m'khosi ngati kolona. Tinamutcha a Wotchi. Sanali munthu woipa, ndipo ndikanakonda akanakhala woipa, nkhaniyi ikanakoma kufotokoza. Anatiitanitsa n'kutiuza kuti sitima yakalamba, achinyamata saikondanso, ndipo ana a masiku ano sadziwa kuti mgodi n'chiyani. Ayikonzanso. Njanji ikhala yomweyo, koma mgodi uchoka, pabwera za mumlengalenga. Wokwera aliyense azivala magalasi akuluakulu omanga ndi lamba kumutu, amene amati VR. Ukawavala suonanso njanji kapena mnzako, umaona kanema wa nyenyezi ndi miyala youluka, ndipo sitima ikakhota kanemayo amakhotanso.

Nyali zanga zonse, ngakhale ya amuna a mayi uja, tinaziika m'makatoni. Khoma analipenta lakuda ndi lofiirira. A mpingo ankabwera Loweruka lililonse kudzaima kunja kwa mpanda, mphepo ikuwadula makutu, kujambula kudzera m'mawaya ngati achibale oonerera wodwala pawindo la chipatala. Tsiku lina ndikutaya zinyalala ndinawapeza atagawanika pakati.

"Akupha mbiri ya dera lino!" anatero bambo wina wandevu. "Agogo anga anafera mumgodi."

"Agogo anu sanafere mu rolakosita," anayankha mtsikana wina wa gululo. "Magalasi ndiwo tsogolo. Chaka chilichonse akhoza kusintha kanema, sitima n'kukhala yatsopano."

"Nanga mphepo ya kumaso? Nanga kuona pansi uli pamwamba paja? Ukafuna kanema khala pa sofa kwanu, mlongo wako azikugwedeza."

Ndinkayembekezera kuti a Colin akhala mbali ya wandevu. Koma anatseka kabuku kawo n'kunena motsitsa kuti, "Akapanda kuiveka magalasi aigwetsa, agulitse zitsulo. Ine ndilolera ivale chilichonse, bola ikhalepo." Kenako anandiona. "Iwe Fredi ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti munthu walipira kuti akwere sitima yeniyeni, ife tikumumanga kumaso kuti aonere kanema wa sitima. Ku Limbe ndikanachita zimenezo akanandiotcha ndi matayala."

Anaseka onse, ndi mtsikana yemwe. Ine ndinkaganiza kuti nkhani ndi yoseketsa basi.

Vuto linaonekera poyeserera. Magalasi amafuna kupukutidwa, kumangidwa, kukonzedwa kuti munthu aone bwino. Sitima imene inkanyamuka mwachangu inayamba kugona pasiteshoni, ndipo a Wotchi ankayang'ana wotchi yawo ngati ikuwatukwana. Ndiye anapeza nzeru. Anthu azivekedwa magalasi m'chipinda chodikirira, antchito aziwagwira pamkono kuwalowetsa m'sitima, akafika kwa ine afike atamangidwa kale. Zitsulo anaziika magetsi, chikatseka bwino pa kompyuta pamayaka pobiriwira.

"Ukoke zitsulo monga mwa buku, uone magetsi, utembenuze kiyi," anatero. "Oyang'anira za chitetezo avomereza."

"Nanga maso?"

"Maso a chiyani?"

Ndinawafotokozera za chikepe cha kumgodi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anali ndi ulemu umenewo. Kenako anati, "Ndi nkhani yokoma, Fredi. Koma pakhomo pali chikwangwani chouza odwala mtima kuti asakwere. Ndi akuluakulu, amawerenga. Iwe si dokotala."

Ndinakawauza mayi anu m'mawa wa tsiku lotsatira, iwo akuchokera ku shifiti, ine ndikumanga nsapato.

"Okalamba anga aja sanena kuti akudwala," anatero. "Umafunsa, akuti ndili bwino, mwanawe. Ine ndimaona pamlomo wapamwamba, pakatuluka thukuta kukuzizira. Koma bambo a Mayamiko, mukumbuke kuti mwana ali ku yunivesite, winayu ali ku sekondale. Pakamwa panupo ndimapadziwa."

"Mayi, ine ndi venda. Ndikanenerera."

"Munenerere. Koma kuno si ku Limbe."

Tsiku lotsegulira

Linali Loweruka m'mawa, kukuwala koma kukuzizira. Eni paki anabwera ndi masuti, ojambula analipo, ndipo ulendo woyamba anaupereka kwa a mpingo. Analowa atagwidwa pamkono, anthu makumi awiri ndi anayi opanda nkhope, akuseka, akupapasa mipando. Ndinayamba mzere woyamba. Ndinakoka chitsulo, n'kupezeka kuti dzanja langa lakweza magalasi a munthuyo palokha. Sindinakonzekere, ndikulumbira. Anali mtsikana uja, maso ali gwaa ndi chisangalalo. Ndinawabwezera. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi.

Kawailesi ka pamapewa kanalira, anali a Wotchi. "Fredi, ukutani? Siya magalasi."

"Sindikumva bwino, bwana, mphepo."

"Uli m'nyumba, Fredi."

Ndinapitiriza mpaka mzere womaliza, kumanzere. A Colin ndinawadziwira juzi. Nditakweza magalasi, nkhope inali ngati phulusa la dzulo. Pamlomo wapamwamba panali thukuta, ndipo maso sankakhazikika pa ine, ankangoterereka.

"A Colin, tsikani."

"Usayambe nthabwala zako lero. Tiyi ndikupatsa tikabwera."

"Sindikufuna tiyi. Tsikani, mukhale pampando apo, mukwere wachiwiri mukapuma."

"Ndi magalasiwa andizunguza mutu, ndiponso sindinadye m'mawa. Ndili bwino." Anatsitsa mawu. "Fredi, ulendo woyamba sindinauphonyepo chiyambire. Ndadikira miyezi isanu kunja kwa mpanda. Usandichititse manyazi pamaso pa anthu anga."

A Wotchi anafika akuthamanga mwaulemu, kumwetulira ojambula uku akundilankhula ndi mano okha. "Bamboyu wanena kuti ali bwino. Magetsi onse ndi obiriwira. Tembenuza kiyi."

Ndinapita pa bokosi loyambitsira sitima, ndinazula kiyi, ndinamuika m'thumba la buluku. Nyimbo za mumlengalenga zinkalirabe. Anthu makumi awiri ndi atatu anakhala pamenepo atamangidwa kumaso, akuonera nyenyezi zosayenda, akufunsana ngati ulendo wayamba. Wandevu uja anakuwa kuti, "Ngati ndi zimenezi, bwezerani mgodi!" Palibe anaseka kupatula ine, mumtima.

Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati, a Wotchi ndiwo akudziwa. Pomaliza a Colin anati titsegule chitsulo. Anatsika okha, anakana dzanja langa, anakana mpando, anatuluka osandiyang'ana. Ndinabwezera kiyi, sitima inanyamuka mpando wawo uli wopanda munthu.

Tsopano mumve ichi, chifukwa sindikufuna mudzandikongoletse pamaliro. A Colin sanakomoke. Ambulansi sinabwere. Ndinamva kuti anakadya sangweji n'kukwera basi. Pa intaneti analemba kuti wantchito wina wodziyesa dokotala wawalanda tsiku limene sadzalipezanso, ndipo a mpingo anagawanikanso pakati, ulendo uno chifukwa cha ine. Mwina inali njala basi. Mpaka lero sindikudziwa.

Lolemba lotsatira

A Wotchi anandiitana ku ofesi. Patebulo panali pepala loti ndisaine, lonena kuti ndinalakwa, ndikupepesa, ndipo sindidzakhudzanso magalasi a wokwera. Ndikasaina, kiyi ndi wanga. Ndikakana, andipatsa jekete lachikasu ndikaimike magalimoto, ntchito ya nyengo yotentha yokha.

Ndinakhala pansi mtima uli m'malo. Apa ndiye panali pabwalo langa. Ndinayamba pamwamba, monga mwa mwambo.

"Bwana, chotsani magalasi onse, sitima iziyenda ngati kale."

"Ayi."

"Chabwino, ndakuchotserani. Azivala atakhala kale m'sitima, nditawaona."

"Mzere ufika ku geti. Ayi."

"Mwandipha, koma poti ndinu. Ndizikweza pang'ono chabe, sekondi imodzi munthu aliyense. Muli ndi wotchi, werengani."

"Fredi, sitikugulitsana mbuzi."

"Kupepesa ndipepesa, kawiri ngati mukufuna. A Colin ndikawagwadira ku Sheffield. Mzere womalizawu wokha ndi umene tifufute."

Anapukusa mutu. "Ukakweza magalasi n'kulola munthu kupita, ndiye kuti paki yanena kuti munthuyo ali bwino. Akadwala, mlandu ndi wathu. Ukapanda kuyang'ana, mlandu ndi wake, anawerenga chikwangwani. Si ine ndalemba, Fredi. Saina."

Pamenepo ndinamvetsa kuti nkhani sinali ya masekondi okha. Ankafuna ndisaone, kuti pasadzapezeke munthu amene anaona.

Ndinatsala ndi chida chimodzi, chimene sichinandikhumudwitsepo pamsika uliwonse. Mtengo ukakanika, umaimirira, umasiya katundu, umanyamuka. Usanayende mapazi khumi wogulitsa amakuwa kuti bwerani achimwene, tikambirane. Ndinaimirira, ndinaika kiyi pamwamba pa pepala, ndinati zikomo bwana, n'kutuluka. Ndinayenda m'khonde pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Mapazi khumi, zii. Ndinaima kuwerenga chikwangwani cha zochita moto ukabuka, chimene ndinali nditachidutsa zaka khumi ndi ziwiri osachiwerenga. Zii. Ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Kumbuyo ndinamva chitseko chikutseguka, mtima unati eya, wagwa. Anali mayi wokolopa.

Mayi anu ananena. Kuno munthu ukanyamuka amaganiza kuti wanyamukadi.

Ndinafika pa chitseko chotulukira panja n'kuima. Venda aliyense amadziwa chotsatira. Ukapanda kuitanidwa umazungulira kuseri kwa mabenchi, umabwerera ukuseka, umati ndimakuyesani, n'kulipira mtengo wake. Palibe manyazi, ndinachitapo kambirimbiri. A Wotchi akanandilandira, ndikudziwa, pepala linali likadali patebulo. Ndinaganiza za Mayamiko ku yunivesite. Ndinaganiza za makatoni a ku Wakefield amene ankandidikira nyengo yozizira, ndi msana wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri. Kenako ndinadziona nditaima pa bokosi lija tsiku ndi tsiku, ndikutumiza anthu opanda nkhope, ndikudziwa kuti pakati pawo tsiku lina padzakhala wina wa thukuta pamlomo, ine nditasaina kuti sindidzayang'ana. Mpaka pamenepo ndinkachita sewero. Kukana kwenikweni ndinakanira pachitseko paja, palibe wondiona. Ndinachikankha n'kupita kukakwera basi.

Kunyumba mayi anu anandimvetsera ataima, chikwama chili paphewa.

"Anakuitanani?"

"Ayi."

"Munabwerera?"

"Ayi."

Kenako anatenga foni kuimbira kuntchito kwawo kupempha mashifiti a Loweruka. Sanandilankhule masiku atatu, ndipo sanandiuzepo kuti ndinalakwa. Mtengo wa kuuma mutu kwanga analipira ndi iwo, theka lonse. Mudzawathokoze iwo, osati ine.

Zaka zinayi zomaliza

Ndinavala jekete lachikasu. Nyengo yotentha ndinkaloza magalimoto pamatope, yozizira ndinkanyamula makatoni ndi anyamata a msinkhu wa Mayamiko amene ankanditcha agogo. Patapita zaka ziwiri magalasi aja anawachotsa. Ankawonongeka kawirikawiri, anthu ankasanziramo, ndipo a mpingo anagwirizana koyamba m'mbiri yawo kuti sakuwafuna. Musaganize kuti wina anabwera kudzandipepesa. Kiyi anali ndi munthu wina, ndipo ine sindinakapemphe.

A Colin anali atagula kagalimoto kakang'ono kobiriwira. Ankandidutsa galasi lili lotseka, ine n'kumaloza, iwo n'kumatsata, osapatsana moni. Chaka changa chomaliza, tsiku lotsegulira, anaima pambali panga n'kutsitsa galasi. Anali ataonda kuposa kale.

"Tsiku lija ndinalibe vuto," anatero.

"Mwina."

"Si mwina. Ndinalibe."

"Mwina, a Colin. Mutabwereranso ndi nkhope ija ndingakutsitseninso."

"Ndiwe wouma mutu ngati bulu."

Ndinawerama n'kuwayang'ana bwinobwino, iwo osathawitsa maso. Kenako ndinachotsa chitsulo chotchingira malo a pafupi ndi geti, amene tinkasungira mabwana.

"Imikani apa."

"Kumbuyo kuli malo ambiri. Ndikhoza kuyenda."

"Sindinakufunseni. Imikani apa."

Anatukwana, n'kuimika.